Mapaundi Anayi a Lachisanu

Ku Aberystwyth akamatseka bekare
kuno ku Iloilo agalu atopa kale kuuwa.
Ndimakankhira mbale za ana kumapeto kwa tebulo,
kupukuta mafuta a nsomba ndi kansanza,
kuyatsa kompyuta.
Basi, ofesi yatsegulidwa.

Bambo Gethin Prydderch sindinakumanepo nawo.
Ndimangodziwa chala chawo chachikulu,
chija chimapanikiza lisiti akamalijambula:
chikhadabo chodzaza ufa,
kachipsera ka uvuni pamfundo.
Chalacho chimandituma usiku uliwonse
ndipo ine ndimapita.

Matumba a ufa makumi awiri. Yisiti. Batala wakweranso.
Tayala la galimoto lidaphulika Lachiwiri.
Iolo, mnyamata wowathandiza, adadwala masiku atatu,
ndidadziwira pa malipiro ake.
Mvula ya kwawoko siinandinyowetsepo
koma ndimaiona m'manambala:
tsiku lomwe yagwa, mabanzi amatsala.

Amandilipira pa ola.
Ola limenelo kuno ndi mpunga wa masiku atatu,
kwawoko ngakhale wotsuka mawindo angalikane.
Tonse tikudziwa. Sitinena.
Fani ikuzungulira, Nonoy akutsokomola kuseri kwa katani,
ine ndikutola ndalama za eni
ngati mikanda yomwazika mumdima.

Ndisanabwere ine padali wina.
Mabuku ake adanditumizira atawajambula tsamba ndi tsamba:
inki yabuluu, seveni wodula pamimba,
dontho la tiyi pa Malichi wa chaka china.
Pansi pa tsamba lililonse, E. M.
Zaka makumi awiri ndi zisanu, E. M.
Chakumapeto zilembo zikukula,
zikuterereka pamzere ngati munthu woyenda pamatope,
kenako tsamba loyera.
Tsamba loyeralo ndine.

Ndiye pali nkhani ya mapaundi anayi.
Lachisanu lililonse amasowa.
Buledi watuluka, ndalama siinalowe.
Mwezi woyamba ndidati wolakwitsa ndine,
ndidawerenga mpaka tambala wa a Dodong kulira.
Wachiwiri ndidaganizira Iolo, Mulungu andikhululukire.
Wachitatu ndidalemba uthenga,
kuufufuta, kuulembanso mogwada:
Bwana, pali kabowo kakang'ono Lachisanu.

Yankho lidandipeza ndikuchapa mayunifolomu,
kwawoko kusanache, nthawi yokanda ufa.
Akuti: Ameneyo ndi buledi wa Eirlys.
Maso adamuthera. Amakhala pamwamba pa sitolo ya nsapato.
Ndimakamusiyira malofu awiri.
Amafunsa ngati mabuku akuyenda bwino,
ndimamuuza kuti ali m'manja abwino, kutali.
Ikani paliponse pomwe a msonkho sangakwiye.

Ndidakhala pansi, manja ali thovu lokhalokha.

Pulogalamuyi ili ndi timabokosi tambiri.
Katundu wowonongeka. Zotayika.
Mphatso kwa makasitomala. Zina ndi zina.
Koma buledi ameneyu sadawonongeke,
sadatayikenso, komwe amapita kukudziwika,
amakwera masitepe, amagogoda.
Ndidafuna kudina pa zina ndi zina, chala chidakana.
Munthu wodula seveni pamimba zaka zonsezo
kuti wina asadzamuyese wani
sangakhale zina ndi zina.

Ndidatsegula mzere watsopano
pakati pa magetsi ndi lendi.
Ndidautcha E. M.
A Gethin sadafunse.

Tsopano likakwana Lachisanu,
kuno kuli kale Loweruka,
ndimalemba folo pamzere wakewo
ndipo mabuku amagwirizana, mbali iyi ndi inayo,
osatsala ngakhale kakobiri.
Ndimavula magalasi,
achiwiri chaka chino, dokotala akuti ndichepetse usiku,
ndimatikita maso mpaka manambala atasiya kuvina.

Kunja kukuyera.
Mnyamata wa pandesal akuliza belu la njinga pakona,
dengu lake likufuka nthunzi.
Ndimagula khumi, anawa asanadzuke,
ndi ndalama zanga,
ndipo sindilemba paliponse.