Odi Watsopano

Ku Tartu dzuwa lalowa folo koloko isanakwane.
Mtsinje wa Emajõgi wauma gwa pansi pa mlatho.
Pansanjika yachitatu, Helve Raudsepp
wayanika magolovesi pa paipi yotenthetsa nyumba,
watsegula fayilo imene anzake onse amailambalala.

Ntchito ya lero ndi liwu limodzi.
Limodzi basi.

Pulogalamu ikafuna kubwereka kwa inzake
silowa ngati mphepo.
Imaima pakhomo n'kunena odi,
imatchula chimene yadzera ndi kumene chili,
ndipo injini, mlonda wosaphethira,
imayamba yamvetsera kalankhulidwe isanatsegule.
Zaka zonsezi odiyo wakhala wolumbira:
ndikutsimikiza, katundu ndikufunayu ndi wamtundu wakuti.
Tsopano komiti, itakokanakokana miyezi khumi ndi inayi,
yati malumbiro athe.
Wobwereka azingoti: ndabwera ndi ichi,
ndipatseni chogwirizana nacho.

Zilembo zisanu ndi chimodzi zituluke, zinayi zilowe.

Wafufuta. Walemba. Wadina batani.
Sikirini yafiira psuu,
mayeso mazana atatu ndi khumi ndi awiri agwa chagada.
Khofi wachita khungu m'kapu.

Pamzere wa 2,417 wakumana ndi dzanja la Endel,
uja anamuphunzitsa kuwerenga cholakwa kuyambira pansi,
uja pano akuweta njuchi kufupi ndi Võru
ndipo imelo sayankha.
Analemba pambali, m'zilembo zotuwa zimene makina sawerenga:
Musakhudze apa. Ndinalonjeza kuti sipadzasintha.
Munalonjeza yani, Endel?
Dzina palibe. Deti palibe.

Helve wayang'ana pawindo.
Chipale chofewa chikutsetsereka pansi pa getsi la mumsewu,
ndipo iye akuwerenga anthu amene sadzawaona:
mnyamata amene analembera sitolo ya mankhwala kapulogalamu
n'kusamukira kutali osasiya nambala,
ndandanda ya mabasi a mbandakucha,
sikelo ya padoko yoyezera nsomba,
zonse zizolowezi zake ndi odi wakale.
Mawa zidzagogoda monga mwa masiku onse,
chitseko chili duu,
osauzidwa chimene zalakwa.

Ndiye walibweza liwu lakale lija,
waliikira kampando pambali pa latsopano.
Likhale kaye, mpaka injini ituluke kawiri.
Wolumbira azilowabe,
koma mlonda azimunong'oneza:
mawu awa akalamba, yambani kuzolowera enawa.
Chenjezolo walilemba kasanu ndi kawiri.
Loyamba linali ngati kukalipa,
lachinayi ngati kupepesa kwa munthu wosalakwa,
lomaliza ndi lalifupi, lili ndi chitsanzo chimodzi.

Mayeso ayamba kubiriwira,
limodzi, khumi, zana, ngati munda utamva mvula.
Latsala limodzi lofiira, louma khosi.
Ndi la Endel.
Ntchito yake inali kuonetsetsa
kuti liwu latsopanoli likadzafika pakhomo, lidzabwezedwe.
Lagwira ntchito yake mokhulupirika mpaka usiku uno.

Chala chaima m'mwamba nthawi yaitali.
Kenako chatsika.

Mawu otuwa aja sanawafufute.
Wangolemba pansi pake:
Ndakhudza. Palibe watsekeredwa kunja. Helve, Januwale.
Watumiza kwa Siim kuti aunike mawa,
akudziwa kale kuti adzadandaula za mpata umodzi wopitirira.

Basi nambala seveni yamutsitsa ku Annelinn.
Pakhomo la mdadada wawo, zala zouma ndi chisanu
zadina nambala zinayi zimene zadina zaka zisanu ndi zinayi.
Kagetsi kofiira. Wadinanso. Kofiira.
Anasintha Lolemba, chikalata chili m'thumba la jekete ina.
Waima pamenepo, mpweya ukufuka pakamwa,
akuseka yekha,
mpaka mayi wa pansanjika yoyamba, wonyamula zinyalala,
wakankha chitseko kuchokera mkati
n'kumugwirira ndi phazi, osamufunsa kanthu.