Mzere Umodzi pa Fomu

Kalaliki wa ku fakitale ku Dwangwa
anali ndi bolopeni yotafunidwa kumutu.
Anatiyang'ana tonse awiri, ine ndi Asiyatu,
nati: Mkazi wa malemu ndi uti?
Fomu ili ndi mzere umodzi.

Zaka khumi ndi zinayi tatunga pa mjigo umodzi,
kuchapa ovololo imodzi yonunkha utsi wa nzimbe,
lero tiuzidwe kuti tilozane chala,
wina akhale dzina, wina akhale mphepo.

Sindinama kuti tinayamba ndi chikondi.
Chaka chimene Twaibu anabwera naye
ndinamubisira mchere,
moni wake ndinkauponda ngati khoko la nthochi.
Koma usiku umene ndinataya magazi pa mimba ya Mavuto
ndiye anandikweza pa kabaza
nathamanga pambuyo wopanda nsapato
mpaka ku Nkhunga.

Twaibu tinamuika m'nyengo yodula nzimbe.
Abale ake anati ukwati watha, balalikani,
aliyense kwawo ndi ana ake,
ngati mbale zobwereka pa maliro.
Sitinabalalike.
Tinachita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa chigayo.
Iye amakazinga mandasi, ine ndimasoka mayunifomu,
ana asanu amaitana kuti amayi
ndipo amayankha amene ali pafupi.

Mwininyumba woyamba anatitulutsa.
Akazi awiri opanda mwamuna, akuti, nyumba yake si bala.
Kusukulu, nditapita kukasainira Shakira,
anati abwere mayi ake enieni.
Enieni!
Nanga amene ankamupukuta thupi lotentha ndi chikuku
anali wojambula pa kalendala?

Sabata yatha Asiyatu anagonekedwa kuchipatala cha ku Boma.
Namwino anandiimika pakhomo la wodi:
Ndinu ndani wake?
Mkazi mnzake? Mwamunayo ali m'manda.
Mchemwali wake? Magazi athu sadziwana.
Ndinangokweza fulasiki ya phala
ngati ndicho chitupa changa.

Inu olemba malamulo, amene simunaonepo khonde lathu,
sindikupempha kuti mutiombere m'manja
kapena mukalalikire mitala pa wailesi.
Mwana wanga akadzasankha njira ina, ndidzalulutira.
Koma nyumba iyi ilipo kale, ili ndi chitseko, imadontha mvula ikagwa,
monga ilipo ya Bonifasi amene akulera ana a mkazi amene anamuthawa,
ndi ya aja akhala zaka makumi awiri opanda ankhoswe
koma anakwirira limodzi mwana wawo woyamba.

Ndikupempha ndime imodzi yokha
yoti Asiyatu akadzatsogola
Shakira asadzanyamulidwe ngati thumba la mpunga
kupita kwa amalume osadziwa nambala ya nsapato yake;
yoti mwininyumba asayambe wawerenga amuna
asanapereke kiyi;
yoti pakhomo la wodi
wochezera usiku wonse asaime ngati wakuba.

Tsiku lija ku fakitale
ndinabwereka bolopeni yotafunidwa ija
ndi kujambula ndekha mzere wachiwiri,
wokhotakhota, pansi pa woyamba.
Kalaliki anakwiya, naupaka choyera,
nauzira kuti uume.

Fotokope yake ndili nayo m'chikwama cha ulusi.
Mukaikweza padzuwa
chipsera cha mzere wanga chikuonekabe.