Musamwetulire

Kasitolo kanga kali ku Tahachal, muno mu Kathmandu,
pakati pa wogulitsa tiyi ndi wokonza maambulera,
moyang'anizana ndi geti limene anthu amapemphako njira yakunja.
Ndili ndi kamera, nsalu yoyera, mpando wopanda choyedzamira,
ndi jekete limodzi lakuda lopachika pamsomali.
Jeketeli lafika ku Doha, ku Seoul, ku Kuala Lumpur,
koma silinatulukepo pakhomo pano.

Amafika m'bandakucha, fumbi la basi likadali m'tsitsi,
mapepala atawafukata m'pulasitiki ngati khanda,
n'kumandifunsa ine ngati ndine kazembe:
Fomu ya ku Qatar amalandira pazenera liti?
Magazi amayezetsa kuti? Nanga zala amadinda kuti?
Ndimaloza ndi chibwano.
Kwa dokotala kaye, kenako kwa ejenti, kenako mzere uwo,
mukafika kutsogolo akuuzani kuti mubwere mawa.

Ndiye ndimati: khalani apa.
Dzutsani mutu. Makutu onse awiri aoneke.
Pukutani kadontho kofiira pachipumipo,
ndikudziwa kuti anakupakani ndi amayi anu potsazika
koma makina akunjako sawerenga madalitso.
Tsekani pakamwa. Musamwetulire.

Harka Tamang anaseka katatu konse
mpaka ndinachita kumukalipira.
Anali atapinyolitsa munda wa mawere kwa wakatapila,
akuti zaka ziwiri zokha, nyumba ya malata,
mwana wamkazi kusukulu ya unamwino, basi.
Anandifunsa ngati kuchipululu kuli makhwangwala.

Patatha miyezi khumi ndi inayi
kunabwera mkazi wake, Dilmaya,
ndi lisiti langa lopindapinda, inki itafufuma ndi thukuta.
Anati: mukulitse, chikhale ngati kalendala,
tikufuna pokoleka nkhata ya maluwa.
Bokosi linali litatsika dzulo lake pandege ya usiku,
pepala likuti mtima unangoima ali m'tulo.

Ndinafufuza m'kompyuta. Zinalimo zonse zinayi,
zitatu zoseka, chimodzi cha boma.
Anayang'ana nthawi yaitali, chala chili pagalasi,
n'kusankha chachiwiri,
chimene dzino lobenthuka likuonekera.
Anafunsa ngati jeketelo linali lake.
Ndinati inde.
Kuyambira tsikulo zolakwika sindifufuta.

Abwerako ambiri, ndisaname.
Wina anandibweretsera wotchi yomwe imachedwa mphindi zisanu,
wina ali ndi minibasi ziwiri tsopano, sandipatsanso moni.
Wina wabwera kachinayi kudzajambulitsa,
ulendo uliwonse imvi zitawonjezeka,
ngongole ili pomwepo.

Lero m'mawa, ndisanasese n'komwe,
walowa Nirajan, mwana wanga wachisamba,
ndi kalata ya ntchito yonyamula makatoni ku Romania.
Akuti viza yake sadinda kuno,
kazembe wa dzikolo amakhala ku Delhi,
usana ndi usiku pabasi, ndipo akufuna zithunzi zatsopano,
zosapitirira miyezi isanu ndi umodzi.

Watsitsa yekha jekete pamsomali.
Ali wamng'ono ankabisala m'menemo,
manja ake akuthera m'zigongono za malaya.
Lero mikono yamuperewera.

Ndinati khala apa.
Dzutsa mutu.
Makutu.
Kholala yapindika kumanzere, ndinapita kukaiwongola,
ndinaiwongolanso ngakhale inali itawongoka.
Nditabwerera kuseri kwa kamera
mawu otsiriza aja anandikakamira pakhosi
ngati mnga wa nsomba.
Iye anaona, pakamwa panayamba kumasuka,
anati: Ndikudziwa, Bambo.
Ndinadina asanamalize kutseka milomo.
Kenako ndinadinanso, cha kazembe.

Panja mzere wakhota kale pangodya,
wadutsa wamaambulera, ukulowera kumlatho.
Watiyi akuitana dzina langa, kapu yanga ikuzizira.
Pakhomo paima mnyamata wa nsapato zamatope,
pulasitiki pachifuwa, akufunsa ngati ndatsegula.
Ndamupatsa jekete.
Likadali lofunda.