Khoma Lopanda Munthu

Masiku asanu ndi limodzi ndimajambula nkhope:
za ukwati, za chitupa, za ana ovala mikanjo yomalizira sukulu.
"Kwezani chibwano, amayi. Musaphethire."
Lamulungu lokha ndilo langa.
Ndimadzuka mabasi a ku Lundazi asanayambe kuitana,
kamera m'chikwama, ulendo wa ku Kapata,
kukaonana ndi khoma.

Nali khomalo:
konkire yotuwa ngati phulusa la dzulo,
yopanda penti, yopanda dzina la sitolo,
denga lathyathyathya, mizati itatu,
masitepe asanu ndi awiri okwera kumene kulibe chitseko.
Amene analilemba papepala
ayenera kuti anali munthu wosachulutsa gaga m'diwa.
Ndimamuona m'maganizo akufufuta, nafufutanso,
mpaka patatsala mzere umodzi
ndi mthunzi wake.

Mthunziwo ndiwo ndimadzera.
Dzuwa likangolumpha mapiri a cha ku Mwami
umagwa mopingasa, ngati mpeni pa mtanda wa sopo,
ndipo kwa mphindi zinayi, mwina zisanu,
khoma limakhala zinthu ziwiri zokha,
kuwala ndi mdima.

A Sakala, mlonda, akadali m'jekete la usiku:
"Iwe Tikambenji, ukujambula ndani?
Apotu palibe munthu."
"Ndicho ndikufuna, bambo."
Amapukusa mutu, nathira madzi a tiyi pamoto kuti uzime.

Koma Chipata salola malo kukhala okha.
Ndikangoti ndidine, wakabaza uyu walowa,
thumba la makala kumbuyo, belu ngiri ngiri.
Ndikonzenso. Zelipa watula dengu la tomato pa sitepe yachitatu.
Ndikonzenso. Mwana wa kwaya, malaya oyera,
waima pakati penipeni kumanga chingwe cha nsapato.
Ngakhale gulo, gulo weniweni,
amakwera mzati n'kundigwedezera mutu
ngati ndabwera kudzajambula iyeyo.
Mphindi zanga zatha. Mthunzi wasendera.
Ndibwerenso sabata yamawa.

Ndinabwera ka khumi ndi kamodzi.
Podikira ndinayamba kuyandikira, kukhudza.
Konkire si yosalala monga ndinkayesera:
ili ndi mitsempha ya matabwa amene anaigwira ili yaiwisi,
mfundo iliyonse, bowo la msomali,
ndi malo ena pamene wokandira anatopa
nasiya timaenje ngati chisa cha mavu.
Mtengo unapita kalekale, mwina unaphikira nyemba,
koma nkhope yake inatsala apa.

Tsiku lina la mu Juni, kuzizira kolasa m'mafupa,
tauni inachedwa kudzuka.
Panalibe njinga. Panalibe dengu.
Ndinagwira mpweya. Khethe.
Kamodzi kokha.

Ndinachitsukitsa chachikulu, ndalama ya maukwati awiri,
ndi kupita nacho kwa a Sakala, monyadira:
"Onani. Mzere, ngodya, kuwala. Popanda munthu."

Anachigwira patali, maso atatsinzina pang'ono.
Chala chawo chinatera pa banga lakuda, usinkhu wa phewa,
limene ine sindinalione.
"Apa m'pamene amatsamira anyamata a kabaza.
Apa posalala, pa sitepe, ndi pa Zelipa.
Mwaye uwu ndi wanga uwu, wa zaka zitatu.
Ndipo apa," anatero, mawu atatsika,
"timizere iti, anakanda ndi kiyi Gelesomu Mbewe,
kuwerenga masiku amene mkazi wake anali m'chipatala.
Werenga. Akwana makumi awiri ndi atatu.
Pambuyo pake sanabwerenso."

Ndinawerenga. Anakwanadi.

Chithunzicho chili m'situdiyo mwanga, pamwamba pa benchi.
Odzajambulitsa amachiyang'ana podikira nthawi yawo,
ena amafunsa ngati makina anadya anthu ake.
Ine ndimangoti, "Khalani apa. Yang'anani kuno.
Phewa lanulo, mulitsamiritse kukhoma."