Masiku Atatu Opanda Nambala

Mulu wachisanu ndi chiwiri ndi wanga:
mapesi, makoko a mtedza wa ku Mitundu,
mawilibala awiri a ndowe za kukhola la koleji,
phulusa lochita kupempha kukhitchini.
Ndinaumata ndi dothi ngati kankhokwe,
n'kuubaya pamtima ndi kachitsulo ka nthambo yofiira
kamene kamamva kutentha kwa zinthu zoola.

M'mawa uliwonse, phiri la Bunda likadali chifundire nkhungu,
ndimagwada, ndimalumikiza foni,
mulu n'kundiululira za usiku wake:
kutentha 54, chinyezi 61.
Ndimakazithira m'kompyuta ya pakona,
ija ya batani lomira, lofuna chala chaukali.
A Dokotala Kamphinda amati,
"Nthaka ili ndi pakamwa pake.
Inu lembani, musaiyankhulire."

Lachiwiri la sabata yachisanu foni inalira ndili chigwadire.
Sunali mulu.
Lekeleni, mlongo wanga,
kabaza wake anakumana ndi lole pa Biwi,
atanyamula matumba a kabichi a munthu wina.
Ndinasiya kope lili chitsegukire, nsapato imodzi ili ndi ndowe.
Batire la kachitsulo nalo linazima usiku womwewo,
popanda wolisintha.

Nditabwerako, mutu uli mpala,
ndinapeza timabokosi titatu tili mbee pakati pa mzere:
Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu.
Kompyuta inakana kujambula. Inati, dzazani.

A Dokotala anaweramira pagalasi, anatsitsa mawu:
"Pepani ndi maliro, mayi Chimbayo.
Tengani nambala ya pamwamba ndi ya pansi,
muphatikize, mugawe pawiri.
Si bodza ayi, bola mulembe m'munsi kuti mwatero."
Ndinatero.
57, 57, 57.
Mzere unakwera bwinobwino, unatsika mwaulemu,
see, ngati msewu wongothira phula,
ngati sabata imeneyo sikunafe munthu.

Ndinauyang'ana mpaka magetsi anathima.
Atayaka, ndinafufuta.

Kumunda a Sitolo, othirira mbewu za ophunzira tonse,
anatula khasu, n'kuwerenga ndi zala:
"Lachitatu ndinazika chikwanje, chinatuluka chosagwirika.
Lachinayi kunawaza, ndinaufunditsa saka.
Lachisanu nkhuku ya eni ake inapalasa chakum'mawa,
ndinamatapo ndi manja.
Koma manambala, mayi, sindinawaone."

Mawu otere alibe malo m'timabokosi.
Kompyuta imafuna madigiri, siidziwa chikwanje.
Ndinatsegula mzere wina kumapeto kwenikweni,
ndinautcha Zina,
ndinalembamo chikwanje, saka, nkhuku ya eni ake.
Dzina la Lekeleni ndinalilemba, n'kulichotsa, n'kulilembanso.

Sabata yakhumi ndi chiwiri tinaphwanya mulu.
Munali mwa bii, mofewa ngati ufa wonyowa,
fungo la mvula yoyamba pa fumbi la Okutobala,
nyongolotsi zikuthawa kuwala.
Mapesi sanadziwikenso kuti anali mapesi.
Zinaola ndilipo, zinaola ndili kumanda,
sizinadikire kope langa.
Mwayiwawo anatapa dzanja limodzi, ananunkhiza,
anati, "Ase, awa ndiye odya mpiru."

Pa pepala lomaliza mzere wanga ukukwera,
kenako waduka,
kenako ukuyambiranso patsogolo pang'ono,
ngati mpata wa mano a Lekeleni akamaseka
atandilanda chenji ya minibasi.

A Dokotala azunguliza mpatawo ndi cholembera chofiira.
Alemba kuti: Fotokozani.

Ndakhala pano kuyambira masana,
mawindo a labu ada, mlonda watsokomola kawiri pakhomo,
mpiru wa pa bedi yachisanu ndi chiwiri watulutsa masamba anayi,
batire latsopano likuphethira kumunda lokhalokha,
likuwerenga usiku.

A Dokotala, ndi kumeneku kufotokoza kwanga.
Timabokosito musatidzaze.