Mapepala a m'bini

Belu lomaliza likalira, sukulu ya ku Oldham imakhala yanga.
Ndimalowa ndi ndowa ndi chikolopa,
kunja kutada kale ili folo koloko,
kamvula kakuno kosadziwa kugwa kapena kukata.

Chipinda cha fizikisi ndimachidziwa ndi mphuno:
nsapato za mpira, perefyumu wothira mosaumira.
Pakhoma pali mayina makumi awiri ndi limodzi.
Ndinawerenga nditatsamira tsache.
Atsikana ndi atatu okha,
ndipo mipando yawo ndimaipeza itagundana pafupi ndi chitseko
ngati ya alendo amene sakhalitsa.

Pamwamba, kumene amaphunzira kulera ana,
zidole zagona m'mabokosi, matewera apindidwa bwino.
Pansi ndimatola timphira tomangira tsitsi.
Dzina lachimuna ndi limodzi, Declan,
ndipo wina analijambulira mabere ndi bolopeni.
Ndinapukuta Lolemba.
Lachitatu anali atameranso.

Palibe mphunzitsi anatseka khomo.
Kuno amati, sankha zakumtima kwako.
Kwathu ku Ntcheu ankachita kunena poyera,
a hedi ndodo ili m'manja:
asungwana ku singano, anyamata ku macheka.
Ine amene ndinkagwetsa kalasi yonse pa masamu
ndinasoka pilo, ndipo anandiyamikira.
Kuno ndodo kulibe,
koma madzulo mbuzi zikulowabe zokha
iliyonse m'khola lake.

Mwezi wa Febuluwale mabini amadzaza
ndi mapepala osankhira maphunziro.
Limodzi ndinaliwongola pabondo.
Farzana anachonga za makompyuta,
nafufuta, nachonganso, nafufuta
mpaka labala anaboola pepala.
Pabowopo ndinasuzumira getsi la kudenga.
M'munsi, mwaukhondo, anachonga zophikaphika.
Mtsikana yemweyu chithunzi chake chili m'khonde,
wakumbatira chikho cha masamu,
ndipo galasi lake ndimalipukuta Lachisanu lililonse.
Ndinatukwana chamumtima, m'Chichewa,
kuti makoma asamve.

Usiku womwewo ndafika hafu pasiti naini,
zala zikununkha jiki,
mwana wanga Yankho wandidikira patebulo.
Mapewa ngati a malume ake,
nsapato zokula kuposa za malemu bambo ake.
Aphunzitsi amati nzeru zilipo
koma buku amaliopa, monga anyamata anzake.
Akuti, Mama, sainani apa.
Ndikuona wachonga zosamalira ana ndi okalamba.

Pakamwa panatseguka pokha:
Iwe, mwamuna wathunthu, ukasinthe matewera?
Ndinawolokera nyanja zimenezo?

Mawu atatuluka ndinawazindikira.
Anali a hedi aja.
Anakwera nane ndege opanda pasipoti,
zaka zonsezi akukhala ulere pansi pa lilime langa.

Yankho sanayankhe. Anatenga labala.
Ndinamva khwe, khwe, khwe,
phokoso la Farzana lija
limene sindinalimve koma ndikulidziwa.
Ndinakumbuka manja awa ali ndi zaka khumi
akusambitsa bambo ake mwendo wotupa,
akuyesa madzi ndi chigongono
popanda womuphunzitsa.

Ndinamugwira dzanja pepala lisanabooke.
Pochonga paja pankaonekabe, motuwa.
Pepani ndi mawu olemera kwa kholo,
anandikakamira pakhosi ngati chinangwa chouma.
Ndinangoti, bweretsa bolopeni, pensulo siya.

La Farzana ndinalisunga m'thumba la epuloni.
Sindikudziwa woti ndimupatse.
Wokolopa saitanidwa kumsonkhano wa aphunzitsi.

Lolemba linalo dzina la Declan anali atalijambuliranso.
Ndinanyowetsa nsanza.