Msuweni wa M'miyala

Pa phiri la Karacadağ miyala ndi yakuda ngati makala ozima.
Zozan anabwera ndi timaenvulopu m'thumba,
nagwada pomwe mbuzi zanga zimakodza.
"Nayu msuweni wa mphodza za m'munda mwanu."

Ndinaseka. Kaudzu konyozeka aka,
kowonda ngati ulusi wosomphoka pa malaya,
njere zake zosaposa nkhupakupa yanjala?

Anakhudza khoko limodzi ndi chikhadabo.
Linangoti thee!
ana onse balala m'ming'alu.
"Kusiyana kwake n'komweku," iye anati.
"Uyu amamwaza ana ake yekha.
Zanu zija zinaphunzira kudikira chikwakwa."

Ku Diyarbakır, akuti, amasinja tsamba
n'kuwerenga zolembedwa m'kati mwake,
mzere ndi mzere, ngati kaundula wa banja,
ndipo awiriwa amafanana pafupifupi ponse
kupatula timawu tochepa:
apa khoko lotseka pakamwa, apo tulo ta njere.

Chaka cha chilala chija
munda wa bambo unapserera usanachite maluwa.
Msuweniyu sanadandaulire munthu.
Njere zake zinagona pansi mwakachetechete
mpaka mvula itakumbuka njira.

Ndili ndi mng'ono wanga, Serhad.
Anakana khasu, nawoloka nyanja.
Kalata satumiza.

Madzulo ano mkazi wanga wapakula msuzi wofiira,
ndafinyiramo ndimu,
koma supuni yangouma m'dzanja.
Ndani mwa awirife anataya kanthu:
iye amene anathetheka,
kapena ine, wodikira chikwakwa?